Chingwe Changa Chatalika

Ndinayamba kukumba zitsime ku Luchenza
ndi chingwe cha mikono khumi.
Chinkatsalako, chotsalacho n'kumangira mbuzi.
Lero ndachilumikiza kawiri,
mfundo zake zandisupula m'manja,
ndipo pansi pa dzenje la kwa a Muhiwa
ndapeza fumbi lofunda ngati la pamsewu.

Mvula sinachepe ayi.
Ndinaiona Januwale uja ikutsika pa malata atsopano,
nyumba makumi anayi kuseri kwa njanji,
pamene panali chinangwa ndi nandolo wa Edina.
Inagwa pa simenti, inasowa khomo.
Inazungulira mpanda, inagogoda pa geti,
kenako inathamanga ndi majumbo, mafuta a galimoto,
thewera la mwana ndi nsapato imodzi,
kukagwetsa mlatho wa matabwa wopita kuchigayo.
Pofika madzulo inali ku Thuchila,
mlendo amene sitinamupatse mpando.

Ndiye kunabwera mtsikana wa ku khonsolo,
Elufe Nakoma, wovala magambuti,
tepi m'thumba, pepala lonyowa m'mphepete.
Anati lamulo latsopano likuti
womanga aliyense asiye nthaka yopuma,
asaphimbe poloti yonse ndi konkire;
madzi a padenga alowe m'dzenje la miyala ndi mchenga,
dzenjelo litalikire chimbudzi,
oyilo wa pagalaja asayende ndi mvula.
Popanda izi, chidindo sichigwa pa pulani.

A Muhiwa anaseka mpaka kutsokomola.
Poloti ndagula ndekha, anatero,
njerwa ndawotcha ndekha,
lero mwana wa dzana andiuze pothira madzi?
Matope ndinawasiya kumudzi,
kuno ndikufuna pakhomo poyenda ndi sokosi.

Elufe sanakweze mawu.
Anangosuzumira m'dzenje momwe ndinali ine
nafunsa: Bambo, mwafika mikono ingati?
Ndinayankha ndili pansi, mawu akundibwerera:
makumi awiri ndi isanu, chinyontho chomwe kulibe.
Kumwamba kunangoti zii.
Ndinamva nkhuku yokha ikupalasa pa mulu wa dothi.

Sindinganame kuti onse anamva.
Ena amadikira Elufe akwere kabaza
n'kuthira simenti usiku, tochi ili kukamwa.
Ena amati faindi ndi yotchipa kuposa lole ya miyala.
Wina anakumba kadzenje konga mbale,
kongoonetsa pa tsiku loyendera.
Ndipo khonsolo yomweyo, pamsika wake,
ngalande inatsekeka chaka chatha, mpaka lero.

Koma a Muhiwa anandiitananso Lachiwiri,
osandiyang'ana kumaso.
Anati, kumba lina, lalifupi, pomwe denga limakhuthulira.
Ndinayala miyala ikuluikulu pansi,
timiyala pamwamba pake, mchenga pomaliza,
m'mbali tinabzala vetiva ndi nthochi ziwiri.
Ntchito yachilendo kwa ine:
zaka makumi atatu ndakhala ndikutulutsa madzi m'nthaka,
lero ndikuwakumbira njira yobwerera.

Usiku wa mvula yoyamba ndinapita kukaima pamenepo,
thumba la feteleza kumutu.
Madzi anatsika m'paipi akulalata,
anafika pa miyala, anatsitsa mawu,
anakhala pansi,
ndipo nthaka inamwa pang'onopang'ono
monga wodwala amene wayamba kulandira phala.

Chitsime chija sichinadzaze, musandifunse msanga.
Pansi pa nthaka palibe wothamanga.
Koma dzulo nditatsikamo
ndinagwira khoma ndi chikhatho,
dothi linandizizira,
linakana kuchoka m'zala.

Chingwe sindinadule.
Ndangosiya kufunsa mtengo wa china.