Danga Lachitatu

Abusa Sambani anatipatsa pepala la madanga atatu:
loyamba, zimene amakhulupirira;
lachiwiri, pamene anasochera;
lachitatu, vesi lowabwezera m'khola.
"Lolemba mubwere nalo lodzaza," anatero,
zala zitayera ndi choko.

Ine ndinasankha Chisilamu
poti minibasi ya ku Bangwe
imandidutsitsa pamzikiti m'mawa ndi madzulo.
Ndinkayesa ndikuchidziwa,
monga umadziwira nyumba poona mpanda wake.

Ndinawerenga mabuku atatu olembedwa kutali, kozizira,
ndi anthu osapondapo fumbi la m'Limbe.
Madanga awiri anadzaza usiku umodzi,
magetsi atazima, kandulo asanathe.

Lachisanu ndinatenga buluku long'ambika la mwana wanga
kupita kwa Che Twaibu, telala wa pakhonde la sitolo ya nsalu.
Zaka zisanu ndi ziwiri akundisokera,
sindinawafunsepo kanthu koposa mtengo wa zipi.
Pepala m'chikwama linkatentha ngati khala.

"Yesu mumamudziwa?" Mawu anga ananjenjemera.
Anachotsa singano pakamwa.
"Isa mwana wa Mariamu, mtendere ukhale pa iye.
Dzina lake sititchula chimanjamanja, mayi.
Koma zoti anafera pamtanda, pamenepo tasiyana."
Ananena ngati akuyeza nsalu,
apa mpaka apa, osapitirira.

Ndinati, "Kwa ine anafa. Akanapanda kufa
bwenzi ngongole yanga ikadali m'kaundula."
Anati, "Ngongole amabweza ndi mwini wake."
Ndinati, "Yanga inandikulira."
Anandiyang'ana nthawi yaitali,
phazi lili chiimire pa chopondera makina.

Kenako liwu linatsika pansanja ya mzikiti,
kupyola mahutala, oitanira, utsi wa pachiwaya.
Anadzuka, msoko uli pakati.
"Mundionereko makinawa."

Ndinakhala pampando wawo.
Lumo, tepi, ndalama za m'kachitini,
zonse kusiyira mayi wobwera kudzawatembenuza.
Ndinawerenga pa zala: iwo kasanu pa tsiku.
Ine m'mawa uja ndinapemphera ndikuthamangira minibasi,
ameni ndinamunena ndikulandira chenje.
Ambuye wanga sindinachite naye manyazi.
Ndinachita manyazi ndi mawondo anga osalalawa.

Atabwerako, madzi akadali m'ndevu, anafunsa,
"Inu mukuti Mulungu anakhalapo khanda.
Nanga masiku amenewo dzuwa ankaliyendetsa ndani?"
Yankho linalipo, ndinalilemba mzere kunsi pa tsamba lina,
koma ndinaona kuti sakutchera msampha,
akufunsa monga wofunsa njira,
ndipo wofunsa njira sumuponyera buku.
Ndinati, "Mundipatse sabata."
Anaseka. "Bulukuli nalonso likufuna sabata."

Usiku wa Lamulungu ndinafufuta theka la danga loyamba,
ndinalembamo mawu monga anatulukira pakamwa pawo,
osati monga ndinafunira kuti atuluke.
M'danga lachiwiri ndinasiyamo chinthu chimodzi:
mtanda.
Umenewo sindiusuntha.
Sindingaucheke mikono kuti ulowe pakhomo la mnzanga,
ndipo Che Twaibu akanandiona ndikucheka
akanaleka kundisiyira makina.

M'danga lachitatu vesi ndinalemba, inde,
ndimalikhulupirira mpaka m'mafupa.
Koma pansi pake ndinawonjeza: Twaibu,
ndi Abiti Ndala mkazi wawo,
amene ndinangomva tsikulo kuti agona ku Gulupu
mwezi wachiwiri tsopano, shuga atawadya phazi.
Zaka zisanu ndi ziwiri, osadziwa.

Abusa anazunguliza mainawo ndi inki yofiira:
"Awa si mavesi."
Anandipatsa zisanu ndi chimodzi pa khumi.
Pobweza pepala anagwiritsa ngodya yake pang'ono
nafunsa motsitsa mawu, "Wodi yanji?"

Lachisanu ndikupitanso.
Ndanyamula malalanje anayi a pamsika wa Limbe,
ndalama ya buluku,
ndi funso lawo la dzuwa lija,
limene ndagona nalo masiku asanu ndi limodzi
ndikugwada, kufunsa Mwini dzuwa
kuti ndikayambire pati.