Nkhata ya Chitsulo

Inathyoka usiku, galimoto itaima phee pabwalo.
Onésime Bilodeau anaimva ali m'bulangete: thyoo!
ngati wina waponya sipanala pasimenti.
Anayesa ndi mtengo wang'ambika ndi chisanu,
natembenukira kukhoma.

Kutacha anapeza galimoto itagwada bondo limodzi,
lakutsogolo, kumanja,
tayala litabisa mutu m'khwapa mwa madigadi.
Pachipale chofewa panagona kachitsulo kokhota,
theka la mphete, kofiira ndi dzimbiri.

Ku Rouyn-Noranda mchere suthera m'ndiwo.
Dzinja lonse malole amaumwaza mumsewu
kuti madzi oundana alekerere matayala,
ndipo madziwo akasungunuka
msewu umatsala ndi zipsera zakuya mpaka m'kakolo.

M'galaja, Ghislaine anakweza galimoto kupitirira mutu wake,
naunika ndi tochi.
Bwerani muone, bambo Bilodeau.
Iyi ndi sipuling'i, nkhata ya galimoto yanu.
Ndi ndodo imodzi yokha ya chitsulo, yopiringizidwa,
ndipo imasenza zonse: injini, inuyo, katundu wanu.
Tayala likagunda chitunda, iyo imafinyika, chitsulo chikupotoka mwakachetechete,
kenako n'kubweza pang'onopang'ono zimene inalandira,
shoko ili pambali kuigwira dzanja kuti isadumphedumphe.
Inu pampando mumangomva ngati mwana watsokomola kuchipinda.

Nanga yathyokeranji itaima?

Sinayambe dzulo.
Kamwala kanagamula penti, apa, pamphete ya pansi
pamene pamakhala matope.
Mchere unapeza khomo.
Dzimbiri linakumba kadzenje kochepa ngati diso la singano,
kadzenje kanabala mng'alu,
mng'alu n'kumayenda ndi inu
dzenje lililonse, ulendo uliwonse.
Usiku wathawu chisanu changomaliza nkhani.

Onésime anayang'ana kumanja kuja.
Ndiko kunkakhala Fernande
zaka zitatu za msewu wa ku chipatala,
Lolemba, Lachitatu, Lachisanu,
atafunda shawelo yobiriwira, chikwama pamiyendo,
akumuwerengera maenje: lina ilo, wagona kodi?
Kumapeto ankapepuka ngati chikhoto chopachika pamsomali.
Sangakhale iyeyo anaithyola.

Sinthani yothyokayo basi, anatero. Inayo ili bwino.

Ghislaine anatulutsa tepi, nayeza kuchokera pansi.
Yakumanzere yatsika ndi zala ziwiri.
Zinalowa tsiku limodzi, zadya mchere umodzi.
Ndikaika yatsopano uku, uko n'kusiya yotopa,
galimoto idzayenda chopendekera,
idzakukokerani kumbali mukaponda buleki,
ndipo chisanu chikubwerachi mudzamvanso thyoo.
Izi zimachoka ziwiriziwiri.
Yotsala imangooneka ngati yamoyo.

Atatero analuma mlomo,
poti mu Okutobala anali nawo kumaliro.
Onésime anangoti, chabwino, zonse.

Imani kutali, anatero mayiyo,
akumanga zingwinjiri zofinyira sipuling'i,
bawuti uku, bawuti uko, mosinthanasinthana.
Chitsulo chopanikizidwa sichiiwala.
Chikapulumuka chimaswa nsagwada.
Amene anandiphunzitsa ntchitoyi
amatafunira mbali imodzi mpaka lero.

Zakale zinagwera m'mgolo, ngwee, ngwee.
Zatsopano zinalowa zakuda bii, zonyezimira,
zosadziwa kanthu za msewu.
Mawa mubwere tidzawongole matayala, anatero,
ndipo chisanu chikatha muzitsuka kunsi,
osangopukuta magalasi.

Onésime analipira osawerenga chenje.
Kachitsulo kaja kanali m'thumba la jekete,
kakudetsa nsalu, kakutenthedwa ndi chikhatho.

Pokwera, phazi linakodwa pakhomo la galimoto:
inali itatalika ndi zala ziwiri
ndipo mwendo wake sunauzidwe.
Pamphambano ya ku tchalitchi pali dzenje lija,
lalikulu, limene Fernande sankalephera kulitchula.
Analiona likubwera. Sanalizembe.
Galimoto inalimeza osadandaula,
ndipo mpando wakumanja sunagwedezeke n'komwe.