Mabeseni Asanu ndi Awiri

Ku Paramaribo, kuseri kwa msika waukulu,
kumene mvula imagwa pamalata ngati mikanda yoduka ulusi,
ndili ndi kachipinda, makina opalasa ndi phazi,
ndi mabeseni asanu ndi awiri a tiyi wozizira.
Tiyiyu sindimwa ayi.
Ndimaviikamo khungu.

M'beseni loyamba nsalu imangonunkhiza n'kutuluka,
ndiyo ya adzukulu a Tjon, wogulitsa misomali pakona.
M'lachitatu ndinaponyamo makoko a anyezi,
limabala kufiirira kwa ana a kumtunda kwa mtsinje.
Lomaliza si tiyinso, ndi khofi wogonera kawiri,
wakuda bii, wa mbee ngati biringanya lothyoledwa m'mawa.

Ntchitoyi anandiyambitsa ndi Soemiati, mwana wanga,
tsiku lomwe ndinamupeza atadzola ufa wa chinangwa kumaso
kuti afanane ndi chidole cha m'sitolo.
Ndinamusambitsa osayankhula.
Usiku womwewo ndinang'amba pilo.

Lachinayi lapitali kunabwera Roshni,
wa zaka zisanu ndi chimodzi, mano awiri akutsogolo kulibe,
atanyamula timitolo tiwiri.
Kena n'kochokera kwa amayi a bambo ake:
pangi ya mandalasi, yofiira ndi yachikasu, yonunkha utsi wa m'bwato.
Kena n'kochokera kwa amayi a mayi ake:
mpango wopyapyala, woti ungadutse m'mphete.
Azimayi awiriwo sanadyerepo m'mbale imodzi,
koma aliyense akufuna chidolecho chikhale cha kwawo.

Anagoneka mkono pathebulo.
Ndinandandalika tizigamba tanga m'mbali mwake,
kuyambira pachigongono mpaka pamfundo ya dzanja.
Kachinayi kanachepa.
Kachisanu kanapyola.
Mwanayu amakhala pakati, pomwe ndinalibe beseni.
Ndinabwereka poto kwa Mevrouw Biharie,
kapu ya uku, makapu awiri a uko,
n'kumadontheza pa nsalu, n'kumayanika, n'kumayerekeza,
mpaka kachigamba kanasowa pamkono pake.

Tsitsi lake silinagone ngati la mayi,
silinapotane ngati la bambo.
Ndinakulunga ulusi pa masipoko a njinga,
kuwiritsa, kuumitsa padzuwa,
n'kutuluka mapiringidzo oyenda mokhotakhota
ngati mtsinje wosafulumira kukafika kunyanja.

Nanga chovala? ndinafunsa.
Anayang'ana mtolo uwu, anayang'ana uwo,
n'kuloza yunifolomu yake ya kusukulu.
Ndinasoka yunifolomu.
Pangi ndinaisandutsa kachikwama ka mabuku,
mpango ndinamangira tsitsi.
Akakangane okha akuluakuluwo.

Loweruka anachilandira ndi manja awiri.
Anachinunkhiza. Anawerenga zala.
Kenaka anatembenuza kadzanja ka chidole,
natambasula lake pambali pake,
chete, ngati mphunzitsi wopeza cholakwa m'kope.
Kuno sikukhala kwakuda chonchi, anatero.

Zaka makumi awiri, zidole mazanamazana,
ine wodzitama kuti ndimadziwa khungu la mzinda uno,
sindinayang'anepo mkati mwa dzanja la mwana.

Ndinasomola ulusi pansi pa nyali,
kudula tizikhatho tiwiri m'nsalu ya beseni lachiwiri,
n'kusokapo mizere itatu ndi ulusi wofiirira.
Zakumapazi nazo, popeza ndinali nditaphunzira.
Atambala a kwa Biharie analira ndikadali pa chala chachikulu.

Tsopano pashelefu pali mzere wa zidole zodikira,
manja m'mwamba ngati ana odziwa yankho,
chilichonse chikufuna zikhatho zatsopano.
Potowo sindinabweze, wasanduka beseni lachisanu ndi chitatu,
ndipo ndikukayika ngati ndi lomaliza.

Ndatembenuza manja angawa kuti ndione.
Tiyi analowa m'ming'alu, khofi m'zikhadabo,
anyezi anakhazikika pachala cha singano.
Mtundu womwe ndinabadwa nawo uli pansi penapake.
Sopo ndili naye.
Mawa, kapena mkuja.