Pa Sikelo ya ku Dwangwa

Ntchito yanga n'kuyeza.
Thirakitala ikakwera pa sikelo itasenza nzimbe, ndimalemba;
ikabwerera yopanda kanthu, ndimalembanso.
Ndikachotsera, chotsalacho ndiye cha mlimi.
Zaka khumi ndi zitatu, sindinaberepo munthu kilogalamu.

Lero woyezedwa ndine.

Mnyamata wa inshuwalansi, dzina lake Lemekezo,
wabwera pa kabaza, tayi ili m'thumba kuopa fumbi.
Wayala mapepala atatu patebulo langa
ngati wogulitsa zitenje:
lobiriwira, lachikasu, ndi lina lonyezimira
loti limafikitsa munthu mpaka ku India.
Akuti sikimu ya kuntchito ndi bulangete lalifupi, mayi,
mukafunda kumutu, mapazi ali pamtunda.
Ndikudziwa. Inandithera mu Juni,
pa botolo lachinayi la mankhwala oyoyola tsitsi aja.

Akuwotcha munda wa kumpoto.
Phulusa lakuda likugwera pa fomu,
ndikati ndilipukute likusiya mzere
pa funso lachisanu ndi chinayi penipeni:
Kodi muli ndi matenda amene mukuwadziwa kale?
Timabokosi tiwiri. Inde. Ayi.

Khansa ya m'magazi ilibe chotupa choti munthu aloze.
Ndikamanga mpango ndimaoneka bwinobwino.
Mikwingwirima ya m'mikono ndimaibisa ndi juzi
ngakhale mu Okutobala.
Lemekezo wayang'ana kudenga, akuwerenga malata,
akundipatsa mpata woti ndiname.
Mwana wabwino. Nayenso amadyera komishoni.

Ndikachonga Inde, akuti miyezi makumi awiri ndi inayi
ndizilipira osathandizidwa pa nthenda yomweyi.
Dzino adzazula. Magalasi adzagula.
Ndikathyoka mwendo, takulandirani.
Koma magazi anga ayambe adikira pabenchi.
Dokotala wa ku Lilongwe sananene kuti ndatsala ndi miyezi ingati,
anangoti tiona, mayi Kamchacha, tiona,
uku akutembenuzatembenuza cholembera.

Usiku tinawerengetsa ndi Twaibu kuseri kwa kalendala.
Lobiriwira: maulendo awiri a minibasi kupita ku Lilongwe,
msewu wa maenje uja, jumbo yosanziramo ili m'manja.
Lachikasu: fizi ya Asiyatu, teremu yathunthu.
Lonyezimira sitinalitchule n'komwe.
Iye anati tigulitse puloti ya ku Nkhunga.
Ine ndinati puloti n'ja mwana.
Anati mwana akufuna mayi, sakufuna njerwa.
Tinagona chofulatirana, aliyense akunamizira tulo,
mpaka kumzikiti anaitana.

Pansi pa tsamba pali tizilembo, nyerere zenizeni,
ndatiwerenga ndi magalasi obwereka kwa mlonda:
malire a pachaka,
kupatulapo,
kampani ili ndi ufulu.
Mawu oti kuchira mulibemo. Ndafufuza kawiri.

Panja dalaivala waliza hutala. Mzere wafika kugeti.

Ndachonga Inde, mwamphamvu, mpaka pepala kubooka.
Ndasankha lobiriwira.
Si nzeru, ndiponso si kulimba mtima ayi.
Kungoti kusaina kuti ndizilipira miyezi makumi awiri ndi inayi
kuli ngati kuuza munthu kuti ndidzakhalapo,
iye n'kudinda chidindo, osatsutsa.

Lemekezo wapinda mapepala, wanena zikomo kawiri,
waiwala cholembera chake.
Ndachiika m'kabati, pambali pa mapilitsi a masana.
Adzachipeza akadzabweranso.

Thirakitala yakwera.
Manambala akuvinavina, kenako akhazikika.
Ndalemba.
Ikabwerera yopanda kanthu
tidziwa chotsala.