Maso Asanu ndi Atatu

Kuno ku Vardø dzuwa linatsanzika mu Novembala,
linati tidzaonana chaka chamawa.
Nyali ya kukhitchini ndiyo yatsala,
ndipo pansi pake ndatsegula kope la malemu mayi,
lija la chikuto chothimbirira ndi khofi.

Tsamba lachisanu ndi chiwiri: Magolovesi a Oddvar.
Yamba ndi maso makumi asanu ndi limodzi.
Mayi ankawatcha maso, ngati a ukonde,
poti m'nyumba ya msodzi chilichonse cholukidwa chimapenya.

Ndinamvera. Masiku anayi singano zili gwegwede,
ulusi woyera, ulusi wakuda bii,
nyenyezi ya nsonga zisanu ndi zitatu kuseri kwa dzanja,
chala chachikulu m'kanyumba kakekake,
zinayi zinazo m'chipinda chimodzi, zizifunditsana.

Bambo anayesa kuvala.
Dzanja linalowa mpaka pa mfundo za zala, n'kukakamira pomwepo.
"Solfrid," anaseka, "walukira mwana wa sukulu?"
Koma ndinaona mmene dzanjalo linathawira kunsi kwa tebulo.

Zaka makumi anayi akukoka zingwe m'madzi oluma,
mchere, mbedza, chisanu chong'amba khungu,
kenako nyamakazi inabwera kudzamanga mfundo zake.
Mphete ya ukwati anachita kuidula kuchipatala.
Ndinazunguliza tepi pachikhatho chawo,
iwo akuyang'ana pazenera
ngati kunja kuli china choona kupatula mdima.

Kukulitsa si kungowonjezera ayi.
Ukaika diso limodzi, nyenyezi imatsimphina.
Ukaika awiri, nsonga zake zimakangana.
Gunvor wa nyumba yoyandikana anati tenga singano zonenepa,
ndinayesa, koma nsalu inatuluka ya mipata,
yoti mphepo ya kumpoto ingalowe osaodira.

Ndinamasula zonse.
Ulusi womasula subwerera mwakale,
umakhala wopotanapotana, wokumbukira kumene unali.
Ndinaukulunganso, ndinawerenga pa envelopu yakale,
kufufuta, kuwerenganso, khofi n'kuzizira.
Nyenyezi isakhudzidwe, ikhale mmene mayi anaisiyira.
Malo ndiwapeze m'mphepete:
anayi uku, anayi uko,
kamzere ka timitanda kotsika mbali zonse ziwiri
ngati kanalipo kuyambira kale.
Khomo la chala chachikulu ndilitsitse mizere itatu,
pakuti chalacho chinapindika, sichiweramanso.

Usiku wachitatu kope linagwa pansi
n'kutseguka kumapeto, kumene sindinafikeko.
Pakona, ndi pensulo yofooka, dzanja la mayi:
onjeza awiri. Chaka chalembedwa pambali.
Pansi pake, onjeza anayi, awiri aja atakhwatchidwa.
Pansi pakenso, zilembo zikunjenjemera,
chaka chimene anayamba kudwala:
onjeza asanu ndi limodzi. Usamuuze.

Ndinakhala duu.
Firiji inkalira, chipale chikukwapula galasi.
Kani zaka zonsezi ankatsata manja awa mwakachetechete,
diso ndi diso, nyengo ndi nyengo,
bambo n'kumayenda padoko monyada
kuti dzanja lawo ndi lomwe lija la tsiku la ukwati.

Ndinanola pensulo.
Sindinakhwatche za mayi, ndinangolemba pansi pake:
asanu ndi atatu.

Loweruka m'mawa, ngati m'mawa ungatchedwe m'mawa kuno,
ndinawaika pafupi ndi mbale yawo ya phala.
Lamanja linalowa. Lamanzere linazengereza pa mfundo,
kenako lowu, mpaka m'kati.
Anafumbata, anatambasula, anafumbatanso,
nyenyezi ikutseka ndi kutsegula.

"Waona," anatero, "ukatsata bwino kope la amako
silinama. Poyamba paja unalakwitsa kuwerenga."

"Ndinalakwitsadi," ndinayankha.

Anatenga fosholo kukachotsa chipale pakhomo.
Ndinaima pazenera, kope lili m'thumba la epuloni,
ndikuona nyenyezi ziwiri zikukwera ndi kutsika mumdima,
ndipo ulusi wotsala ndinausunga m'kabati,
poti chisanu chidzabweranso.