Pokumanira Malata

Ana anga awiri ali padenga.
Ndinawaitana mvula isanagwe,
poti chaka chatha kuno ku Sadzi
ndinkagona nditakumbatira beseni.

Layisoni watsika minibasi ya ku Limbe,
nsapato zili nyezinyezi.
Wedisoni wabwera ndi basi yausiku,
fumbi la ku Mchesi lidakali m'makutu.
Misomali ndagawa pakati.
Hamala ndi imodzi.

"Kwanu kuja ndi mudzi wovala tayi,"
wayamba Layisoni, msomali uli pakamwa.
"Nyumba apa, ina kutsidya,
pakati munda wa chimanga.
Ndi maina omwe mulibe,
mumagona m'manambala ngati akaidi."

Gu! Gu!

"Bweretsa hamalayo," akutero mng'ono wake.
"Cheke chako chimasainidwa kwathu.
Ife misewu ikukwerana pamsana,
inu mukadali pamzere umodzi womwewuja
kuchoka ku Limbe kutsikira m'tauni,
mukuwerenga mafakitale otseka
ngati mano a nkhalamba."

"Nanga mpira?"
"Bwalo lalikulu lili kwathu."
"Bwalo ndi mpanda chabe, mphwanga.
Ng'oma imalira ku Ndirande."
"Ndi miyala yomwe imaulukira konko."

Aseka, koma kuseka kwa mano okha.
Lata lina latsetsereka, laphwanya therere langa.

Ine sandifunsa.
Ndakhala pansi pa mpeyala,
ndikugwira makwerero ndi maso.
Zaka makumi atatu ndinandanda zilembo
kosindikizira mabuku a boma,
zala zakuda mpaka Lamulungu.
Ndinaimirira pamsewu tsiku lija
malole atanyamula makabati ndi mipando yozungulira
kulowera cha ku Liwonde,
mlembi wina akutibayibitsa ndi chipewa.
Zomba anatsala pakhonde
ngati mkazi wamkulu
amene mwamuna wakamangira wina ya njerwa zootcha.

Anatisiyira ndende.
Anatisiyira lipenga la asilikali m'mamawa,
chipatala chimene anthu amatchula monong'ona,
ndi ana asukulu yaukachenjede
okangana Chingerezi pogula chiwaya ku Chikanda.
Phiri lokha linawakanika kukweza m'lole.

Dzuwa lafika paliwombo, atsika.
Thukuta lili chuchuchu,
mkangano wafika pa mitengo ya lendi
ndi kuti akazi odziwa kutchena ali kuti.
Layisoni watsegula mpopi wakuseri.
Madzi a Mulunguzi,
ozizira mpaka m'mano.
Wamwa m'manja, wapereka mpata.
Wedisoni wayika mutu wonse.
Kwa kanthawi Blantyre ali chete,
Lilongwe ali chete,
kukumveka kholingo zokha.

"Kwanu atuluka liti?"
"Lachitatu. Usiku, cha m'ma thuu."
"Ife sabata yatha."
Apa pokha agwirizana.

Lamulungu ndawaperekeza kudepoti.
Aliyense chigubu cha malita asanu,
ndi kambale ka sitiroberi za kuphiri
kokapatsa ana.
Kondakitala wina akukoka Layisoni kumwera,
wina akukoka Wedisoni kumpoto,
onse akulumbira kuti watsala munthu mmodzi.
Pawindo akukuwirana:
"Udzabwere udzaone tauni!"
"Iweyo ndiye udzabwere!"
Palibe wanena kuti ndidzabwerera.

Mvula yoyamba yagwa usiku wa Lachisanu,
yochokera kuphiri, yamatalala.
Ndayatsa tochi, ndayendera nyumba.
Mbali ya Layisoni, gwa.
Mbali ya Wedisoni, gwa.
Ana anga ntchito amaidziwa.
Koma pamsana pa denga,
pokumanira malata awo,
aliyense anayesa kuti wakhoma mnzake.

Dontho.
Dontho.

Ndatenga beseni lija pansi pa bedi,
ndaliika pakati pa nyumba.
Mawa ndithirira therere.