Kiyi

Lachiwiri ndi Lachinayi ndimadzuka kusanache,
mzikiti wa ku Down Shops usanaitane.
Ndimameza kam'bulu kanga koyera ndi madzi ogona
n'kutsetsereka njira ya ku Mchini,
kiyi ali pachingwe m'khosi, mkati mwa malaya.

Ana a pamjigo saiwala.
Ndi omwewa anandiona chaka chija
ndikulalikira matumba a makala pa Kapata,
wopanda nsapato, ndikuwerenga malole opita ku Mwami
ngati ng'ombe za malemu bambo anga.
"Wofunta uyo!" wina amayesabe, chapansipansi,
kuti aone ngati ndimuthamangitsa.
Ndimangoti, mwauka bwanji.
Mwala umamulemera m'manja.

Nyumba yathuyi kale inali sitolo ya fetereza.
Fungo silinachoke lonse.
Muli mabenchi anayi, makina osokera opalasa ndi phazi,
nsolo wa zitsekero za mabotolo,
ndi wailesi yofuna kaye khofi kuti iyankhule.

Zelipa amafika woyamba. Satsekula pakamwa mpaka cha m'ma teni.
Amathirira repu ndi mpiru kuseri,
bedi lililonse analitcha dzina la mwana wake,
ana aja apongozi anamulanda.
A Yotamu Shawa, amene anaphunzitsa masamu ku Katete,
amalemba m'kaundula aliyense wobwera,
koma wosabwera amamulemba kawiri
kuti madzulo tikagogode kwawo.
Tikambenji amaseka popanda choseketsa.
Tinaleka kumufunsa. Masiku ena timangoseka naye,
kenaka n'kupeza kuti chinalipo.

Kuno palibe amene amati, "Khala phee, usatichititse manyazi."
Mawu aja onong'ona akabwera m'mutu
ndimauza Sisita Daka monga munthu anena kuti kunja kwayamba mvula.
Iwo amati, "Lero akuti chiyani?"
Ndikawatchula mokweza amangoti zii,
ngati achule ukaponda pafupi ndi dambo.

Mu Okutobala mankhwala anatha kuchipatala chachikulu.
Milungu itatu.
Aleki anabwerera kumsika, tinamupeza atavala thumba la saka,
sanatizindikire, kapena sanafune.
Ndinganame kuti tinamubweza.
Malo ake pabenchi alipo,
kapu yake yabuluu timaitsukabe.

Mlongo wanga, amene anandimangirira ku mtengo wa mango
ndi tcheni cha njinga
(sindimuda, anali ndi ana atatu, ndi ine, ndi ngongole ya lendi)
anabwera tsiku lina m'mawa kudzagula zikwama zomwe timasoka.
Anandipeza ndikutsekula loko.
Anayang'ana chipsera chija pamkono panga,
kenaka kiyi.
"Akupatsa iweyo?"
Ndinati ee, anzanga anakweza manja, asanu ndi anayi,
mmodzi yekha anakana, nayenso ndimamwa naye tiyi.
Anagula ziwiri. Chenji anaiwala dala.

Ikakwana sikisitini timasesa, timapachika makapu pamisomali.
A Shawa amatseka kaundula.
Ndimatulutsa onse, ndimatseka,
ndimakoka loko kawiri kuti mtima ukhale pansi.
Dzuwa limakhala litatsamira pa Kanjala.
Palibe watsala mkati. Inenso ndili kunja.
Kachitsulo kaja kamazizira pachifuwa
njira yonse yodutsa pa ogulitsa chimanga chootcha
mpaka pa mlatho wa Lunkhwakwa,
pomwe kamayamba kufunda.